Ku Nchalo tikupsa m'nyumba za lendi: thandizo tiligawe bwanji mosakondera?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Nchalo, amene ndi mlembi wa komiti ya chitukuko m'dera lawo. Ndalidulako pang'ono:

"Bambo, kuno Okutobala akangolowa sitigona. Chaka chatha agogo ena oyandikana nane adakomoka m'nyumba masana, tidachita kuthyola chitseko. Komiti yathu yasonkha kandalama pang'ono, ndipo bungwe lina latilonjeza mbande za mitengo. Koma tagawanika. Apampando akuti banja lililonse lilandire mbande ziwiri basi, kuti pasapezeke wodandaula. Eni mashopu akufuna mitengo ibzalidwe m'mbali mwa msewu. Amayi a mumsika akufuna shedi. Ife a m'nyumba za lendi alandilodi satilola kubzala kanthu, ngakhale kuboola khoma kuti mphepo izilowa. Chilungamo chili pati apa? Kapena tingozisiya, poti kutentha kuno tidabadwa nako?"

Mayi, musazisiye. Mkanganowo usakufooketseni, chifukwa komiti imene ikukangana za kutentha yatsogola kale. M'zaka zimene ndagwira ntchito ya zaumoyo wa anthu m'chigwa chino, misonkhano yambiri inkakhala ya madzi osefukira, kolera ndi njala. Kutentha ankakutchula popatsana moni basi. Chonsecho kumapha, kungoti kumapha mwakachetechete, ndipo pamaliro anthu amati adamwalira ndi BP, mtima kapena malungo.

N'zoona kuti tidabadwira m'menemu. Blantyre ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pomwe chigwa chathu chili pansi kwambiri, moti malo otsikitsitsa m'Malawi muno ali ku Nsanje, pamene Shire amalowera ku Mozambique. Mpweya umatentha madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene watsika, n'chifukwa chake munthu amavula juzi minibasi isanafike pa Thabwa. Koma kutentha kwa makolo athu si kofanana ndi kwa lero. Mu Okutobala 2023 nthambi yoona zanyengo idachenjeza kuti m'chigwa muno kungafike madigiri 44. Kuonjezera apo, makolo ankagona m'nyumba zaudzu zozunguliridwa ndi mitengo, pomwe ife pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula ndi pa boma pa Nsanje tamanga mizere ya zipinda zamalata zopanda siling'i, khoma kugundana ndi khoma, mitengo idatha ndi makala ndi kuotcha njerwa. Njerwa ndi simenti zimamwa dzuwa tsiku lonse n'kumalilavula usiku. Thupi limapirira masana otentha ngati lapeza mpata wozizira usiku. Likapanda kuupeza masiku atatu kapena anayi otsatizana, mtima ndi impso zimatopa, ndipo apa m'pamene agogo amagwa.

Tsono tiyeni ku maganizo a apampando. Ndikuwamvetsa: amaopa kunenedwa kuti akondera, ndipo kwathu kuno mawu akuti "adya okha" amagwetsa komiti sabata imodzi. Koma mbande ziwiri pa banja lililonse zimangooneka zachilungamo papepala. Amene ali ndi mpanda, mpopi pakhomo ndi mnyamata wothirira, mitengo yake idzakula, ndipo munthu ameneyo ali kale ndi siling'i ndi fani. Mayi wa lendi adzalandira mbande zake, n'kusowa pozibzala, n'kuzisiya pakhonde mpaka mbuzi zitadya. Agogo amene amagula ndowa imodzi ya madzi patsiku sangaigawe ndi mtengo. Pakatha zaka zitatu mthunzi wonse udzakhala kwa amene anali nawo kale mwayi. Dzuwa ndi limodzi, koma silipweteka anthu mofanana, choncho thandizo liyambire kwa amene thupi lawo silingathe kudziteteza ndiponso amene alibe kothawira.

Zimenezi sizachilendo. Ku Chicago mu 1995 kutentha kudapha anthu oposa 700, ndipo ambiri anali okalamba osauka okhala okha, ena atadzitsekera m'nyumba poopa akuba. Mzinda wa magetsi ndi zipatala zambiri, koma chimene chidasowa ndi munthu wogogoda pachitseko. Agogo a kwanuwo adapulumuka chifukwa inu mudagogoda.

Ndiye chinthu choyamba chimene ndingachite nditakhala m'komiti yanu sichilira ndalama. Tengani kope, yendani ndi mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu khomo ndi khomo, mulembe anthu, osati mapuloti. Lembani okalamba, makamaka ogona okha. Lembani makanda, amayi oyembekezera, odwala matenda amgonagona, a shuga, a BP, a mtima, a impso, olumala amene sangadzitulutse panja, odwala matenda a maganizo, ndi abale athu achialubino, amene dzuwa limawaononga khungu mpaka khansa. Pa aliyense funsani kuti denga ndi lotani, mawindo amatseguka kapena ayi, madzi amatunga kuti, ndipo ndani amamuona masana. Kenaka munthu aliyense wa m'kopemo apatsidwe woyandikana naye wodziwika dzina, amene azimuzonda kawiri patsiku kukalengezedwa kuti kutentha kwambiri, cha m'ma 2 koloko masana ndi madzulo. Osangofuula moni muli panjira ayi. Alowe, aone ngati mumtsuko muli madzi, amulankhulitse kuti amve ngati akuyankha zolongosoka. Okalamba samva ludzu msanga, ndipo ambiri amadzimana madzi dala poopa kudzuka usiku kupita kuchimbudzi chakutali. Kope limeneli lidzakuthandizaninso pamsonkhano. Munthu savutika kutsutsa mawu akuti "osauka", koma amachita manyazi kutsutsa akamva kuti ndi agogo aujeni a kuseri kwa chigayo.

Amene akuzondawo adziwe zoyenera kuona. Munthu akayamba kutuluka thukuta kwambiri, mutu kuwawa, chizungulire, nseru, miyendo kukokana, mkodzo kuchepa ndi kufiirira, ndiye kuti thupi latopa ndi kutentha. Mupititseni pamthunzi podutsa mphepo, agone miyendo itakwezedwa pang'ono, mumasuleni zovala, mumupukute ndi nsalu yonyowa, azimwa madzi pang'onopang'ono. Thanzi ORS ndi wabwino kwa amene wataya thukuta lambiri. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi aukhondo. Ngati theka la ola latha osasintha, kapena akusanza chilichonse chimene wamwa, pitani naye kuchipatala.

Koma akayamba kubwebweta, kusokonezeka, kuyenda dzandidzandi ngati waledzera asanamwe, kukomoka kapena kugwa khunyu, thupi lili juu, imeneyo ndi ngozi ya mphindi. Kutentha kwa m'thupi kumakhala kwadutsa madigiri 40 ndipo ubongo ukuonongeka. Musadikire galimoto kaye. Yambani kumuziziritsa pomwepo: muvuleni, muthireni madzi thupi lonse ndi ndowa, wina azikupiza ndi lichero kapena katoni, ndipo pitirizani kumunyowetsa m'njira yonse mpaka ku St Montfort kapena chipatala chilichonse chimene chili pafupi. Wokomoka osamumwetsa kanthu, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali. Panado sathandiza pa kutentha kwa mtundu uwu. Ndipo popeza malungo nawo amatenthetsa thupi ndi kusokoneza mutu, musamalimbane n'kusiyanitsa kunyumba, akayezedwe magazi kuchipatala. Mukakhala ndi chikaiko, imbani ku Chipatala Cha Pa Foni, kumene azaumoyo amapereka uphungu pafoni.

Za makanda ndinenepo mwapadera, chifukwa apa timalakwitsa ndi mtima wabwino. Mwana wosakwana miyezi 6 asapatsidwe madzi, ayamwe pafupipafupi, ndipo amene amwe madzi ambiri ndi mayi ake. Ndakhala ndikuona pa sikelo mwana atavekedwa chipewa chaubweya, masokosi, n'kufunditsidwa shawelo pamwamba pa chitenje, mwezi wa Novembala, poopa kuti apongozi anganene kuti sasamala mwana. Mukamuvundukula mumapeza thukuta lili chonchi m'khosi, zidzolo zili mbwee. Liwombo likalowa, maso akalowa, matewera akakhala ouma nthawi yaitali, mwana akafooka osafuna bere, madzi atha m'thupi. Zomata paliwombo sizibweza madzi, thamangirani kuchipatala. Amene amamwa mankhwala a BP, makamaka aja okodzetsa, kapena a shuga, asasiye okha, koma akafunse adokotala kuti m'miyezi yotentha azimwa madzi ochuluka bwanji. A mtima ndi a impso afunsenso chimodzimodzi asanayambe kumwa madzi a mchere ndi shuga aja.

Tsopano ndalama zija. Ine ndikadaziika pamadenga a anthu a m'kope lija, kuyambira amene ali pachiopsezo chachikulu. Lata losapentedwa masana simungaligwire ndi dzanja, ndipo kutentha konseko kumatsikira pamutu pa amene ali m'kati. Denga loyera limabweza dzuwa lambiri, ndipo chipinda chimatsika ndi madigiri angapo. Munthu angaseke kuti madigiri atatu n'chiyani, koma kwa agogo ndiwo amasiyanitsa kugona ndi kukomoka. Mzinda wa Ahmedabad ku India, utataya anthu oposa 1,300 pa kutentha kwa mu 2010, udakhazikitsa ndondomeko yake mu 2013, ndipo zina mwa zimene udatsata pambuyo pake ndi kupaka madenga a m'madera osauka utoto woyera. Penti yeniyeni ya malata imakhalitsa. Laimu ndi wotchipa ndipo amachita bwino pakhoma, koma pa malata sagwira, mvula yoyamba imamukokolola. Opaka akwere padenga m'mamawa, aziponda motsata misomali pamene pali mitanda.

Chimene chimathandiza kwambiri, mwina kuposa penti, ndi siling'i, ndipo siyenera kukhala ya kusitolo. Mphasa, bango losokedwa, ngakhale makatoni okhuthala, zikamangidwa pansi pa malata n'kusiya mpata wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri, zimatchinga kutentha. Bango kuno silisowa. Vuto lake ndi makoswe ndi moto, choncho isayandikire mawaya a magetsi osatetezedwa, ndipo mbaula izikhala panja. Ena amayala udzu kapena masamba a mgwalangwa pamwamba pa malata m'chilimwe. Zimaziziritsa ndithu, koma azichotse mvula isanayambe, apo ayi malata achita dzimbiri. Mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye timabowo ta mpweya tija timene anthu amatitseka ndi nsanza poopa fumbi ndi udzudzu titsegulidwe, aikemo kachidutswa ka neti yakale. Khoma la kumadzulo ndilo limaotcha chipinda usiku, chifukwa limalandira dzuwa la masana onse. Mphanda ziwiri ndi mphasa yakale kutsogolo kwa khoma limenelo zimagwira ntchito tsiku lomwelo.

Apa m'pamene alandilodi akulowera. Musapite kwa iwo mmodzimmodzi ngati opempha, chifukwa wa lendi akalankhula yekha yankho lake ndi lakuti "ngati sizikukusangalatsa samuka". Apempheni amfumu kapena a bulokolida awaitane onse pamodzi. Auzeni kuti komiti ibweretsa penti kapena mphasa ndi anthu ogwira ntchito, nyumba ikhala yawo yomwe ndipo malata opentedwa sachita dzimbiri msanga, koma iwo alole zenera lachiwiri kapena mabowo a mpweya, alole mtengo pabwalo, ndipo asakweze lendi chifukwa cha ntchito imeneyi kwa nthawi imene mugwirizane. Mfundo yomalizayi ilembedwe ndipo asainire pamaso pa amfumu. Mukapanda kutero, ndalama za komiti zidzakongoletsa nyumba, agogo aja adzatulutsidwa, mudzalowa wina wa malipiro a pamwezi.

Usiku nawo uli ndi kukondera kwake kumene amuna ambiri a m'makomiti sakuona. Bambo amatenga mkeka n'kukagona pabwalo chifuwa chili pamtunda. Mayi wosakwatiwa ndi ana ake aakazi amatseka chitseko ndi mawindo poopa achifwamba, n'kumaphikika m'katimo. Ngati dera lanu lili ndi achitetezo cha m'mudzi, miyezi iwiri ya Okutobala ndi Novembala alimbikitse kuyendera mizere ya lendi, ndipo mabanja a mzere umodzi angagwirizane kugona pabwalo limodzi. Zitsulo za pawindo kwa mayi wotere ndi thandizo la kutentha ndithu, chifukwa zimamulola kugona zenera lili lotsegula. Ogona panja asasiye neti, aimangirire pamitengo kapena pamphanda. Udzudzu wa m'minda ya mzimbe ndi m'madambo a Shire sudikira mvula. Za fani ndinene mwachidule: ndi yabwino, koma m'chipinda mukadutsa madigiri 40 imangokupemerera mpweya wamoto, pokhapokha utanyowetsa khungu kapena chitenje. Ndipo magetsi sitingawadalire kotheratu. Tonse tikukumbukira mdima umene udatsatira namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Madzi. Musathamangire kukumba mjigo watsopano ndi kandalama kanu, chifukwa m'chigwa muno malo ambiri amatulutsa madzi amchere, ndipo popanda akatswiri oyeza mungakwirire ndalama zonse m'dzenje. Kukonza mjigo wakufa n'kotchipa. Gwirizanani ndi a komiti ya mjigo kapena a pakiyosiki kuti anthu a m'kope lija asamaime pamzere, ndipo achinyamata aziwatungira ndowa m'mawa. Ikani mitsuko ya madzi othira kolorini pamsika, pa siteji ya kabaza ndi pasukulu, yovundikira, yokhala ndi kapu yotungira ndi ina yomwera, chifukwa kolera ya 2022 ndi 2023 idatiphunzitsa zokwanira. Mtsuko wadothi pamthunzi umaziziritsa madzi popanda magetsi. Ana akamathawira kumtsinje ndi m'ngalande, akumbutseni za ng'ona ndi likodzo.

Amayi a mumsika ali ndi mfundo yomveka, ndipo ine ndingawaike patsogolo pa eni mashopu. Mwini shopu ali ndi khonde. Mayi wa tomato ndi usipa amakhala pansi padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwana kumsana, ndipo ambiri amachepetsa kumwa madzi dala chifukwa chimbudzi cha pamsika n'cholipira kapena n'chonyansa. Mzinda wa Freetown ku Sierra Leone utasankha mu 2021 mkulu woona za kutentha, Eugenia Kargbo, imodzi mwa ntchito zoyamba idali kuika mithunzi m'misika ya amayi. Koma shedi ya msika si yoti muimange ndi zosonkha zanu. Amayi amenewa amadula ziphaso tsiku ndi tsiku, choncho khonsolo ili ndi ngongole kwa iwo. Lembani kalata kudzera ku makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a m'dera la mfumu yaikulu, VDC ndi ADC, mupatseko khansala ndi phungu wanu, mupemphe kuti ilowe pa ndalama za chitukuko cha m'dera. Muneneretu kuti ikhale yaitali m'mwamba, yotseguka m'mbali, denga loyera. Shedi yamalata yaifupi ndi uvuni, amayi adzaithawa n'kubwerera padzuwa. Podikira khonsolo, mphanda ndi mphasa zigwire ntchito.

Pali zina zongofuna kusintha nthawi. Aganyu, akabaza, omanga nyumba ndi odula mzimbe ayambe kusanache, apume pamthunzi dzuwa likamaswa mtengo, amwe madzi asanamve ludzu. Ku Central America achinyamata ambiri odula mzimbe adadwala impso, ndipo kugwira ntchito yolemetsa padzuwa madzi ali ochepa m'thupi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene akatswiri amatchula. Wantchito amene mkodzo wake umakhala wofiirira tsiku lililonse, kapena mapazi ayamba kutupa, akayezetse impso, ndipo asazolowere kumeza mankhwala opha ululu monga Brufen madzulo aliwonse. Mowa masana, makamaka kachasu, umaumitsa thupi, ngakhale omwawo amati ukuchotsa ludzu. Ndipo ndinene chimene ambiri amaopa kunena: maliro. Timasonkhanitsa okalamba ambirimbiri cha m'ma 1 koloko masana, amayi atakhala pansi padzuwa atavala mayunifolomu a mpingo, olankhula n'kumasinthana mpaka asanu ndi awiri. Amfumu ndi abusa akhoza kulamula kuti m'miyezi iwiri imeneyi mwambo uziyamba m'mawa, zolankhula zifupike, mthunzi uyambire agogo ndi oyembekezera osati akuluakulu a pampando okha, ndipo ndowa ya madzi ipite nawo kumanda kwa adzukulu.

Mitengo ndaisiya kumapeto dala. Ndimaikonda, ndipo m'zaka khumi ndiyo idzasinthe dera lanu kuposa zonse ndatchulazi. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno: mbande ya lero sidzapulumutsa munthu Novembala uno. Ilandireni mvula ikakhazikika, cha mu Disembala kapena Januwale, osati m'chilimwe. M'malo mogawa ziwiriziwiri, yendani masana m'dera lonse muone pamene anthu amaima kapena kukhala popanda mthunzi: pamjigo, pasikelo, pasukulu ya mkombaphala, pachigayo, m'mabwalo a nyumba za lendi, m'njira imene ana amadutsa. Bzalani pamenepo, yochepa koma yotchingidwa ndi minga kapena njerwa, uliwonse ndi mwini wake wothirira ndi madzi otsukira mbale. Mitengo makumi atatu yamoyo iposa mazana atatu odyedwa ndi mbuzi. Nimu amapirira kuno ndipo sayoyola masamba onse m'chilimwe, koma akhale patali ndi khoma ndi chimbudzi chifukwa cha mizu. Bwemba ndi mango zimachedwa koma anthu sazidula wamba poti zimabala. Msangu uli ndi khalidwe lake lodabwitsa, umakhala ndi masamba m'chilimwe n'kuyoyola m'dzinja, ndiye ndi woyenera m'malo otakasuka ndi m'minda, ngakhale uli ndi minga. Eni mashopu akafuna mitengo ya m'mbali mwa msewu apatseni yotsala, adzithirira okha, madzi ali nawo.

Chinthu china chimene mungapemphe ku boma la Chikwawa n'chakuti komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya m'dera lanu, imene imaliza wenzulo madzi akamabwera, izilengezanso a zanyengo akachenjeza za kutentha. Uthengawo umafika pa wayilesi ndi pa WhatsApp, koma agogo a kuseri kwa chigayo alibe zonsezi, choncho upite ndi chimkuzamawu, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, komanso m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Apempheni abusa ndi mashehe amene nyumba zawo zopemphereramo zili zazitali ndi zodutsa mphepo kuti masiku oopsawo azitsegula masana, anthu a m'kope lija akapumireko. Popita ku ofesi ya zaumoyo kapena kukhonsolo nyamulani chiwerengero cha anthu chochokera m'kopemo, koma maina ndi matenda a anthu zikhale kwa inu ndi mlangizi wa zaumoyo basi.